Funsani Tiyankhe: Ndidule pati kuti filimu yanga igwire mtima?

FUNSO

Akulu, ndine mnyamata wa zaka 23 ndipo ndimakhala ku Santhe m'boma la Kasungu. Kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikupeza kangachepe pojambula maukwati, zinkhoswe ndi mavidiyo a makwaya, koma mtima wanga uli pa kupanga filimu yeniyeni. Ndajambula kale nkhani ya mphindi 15 ya mlimi wa fodya amene anapita ndi mabelo ake ku msika wa Chinkhoma, fodya wake n'kukanidwa, iye n'kubwerera kwa mkazi wake chimanjamanja. Pamene pandivuta ndi pa kuedita. Ndikadula mofulumira monga amachitira m'mafilimu a nkhondo, nkhani yanga ikuoneka ngati vidiyo ya nyimbo, ndipo ndikasiya mashoti atalike monga m'mafilimu a ku Nigeria amene tinakula tikuonera, anzanga akuyamba kuseweretsa mafoni. Ndaikamo ma transition ambiri koma sizikuthandiza. Kodi sitayilo yabwino ndi iti, nanga ndiphunzire kwa yani?

Wojambula wa ku Santhe, Kasungu

YANKHO

Achimwene, kalata yanu yandikondweretsa chifukwa mwafika pamene ambiri amachedwa kufikapo: mwazindikira kuti zithunzi zokongola pazokha sizipanga filimu. Ndiyambe ndi chophweka. Ma transition aja, ozungulira, othwanima ndi otsegula chithunzi ngati chitseko, achotseni lero lomwe. Pa vidiyo ya ukwati ali ndi malo ake, pakuti eni ukwati amafuna kuona kuti ndalama yawo yagwira ntchito, koma m'nkhani ya munthu amene thukuta lake la chaka chonse lakanidwa, chilichonse chokumbutsa woonera kuti pali wina amene anakhala pa kompyuta chimachotsa maso ake pa mlimi uja. Kudula kwachindunji, kumene chithunzi ichi chikutha china n'kuyamba pomwepo, ndiko kumagwira pafupifupi ntchito yonse m'mafilimu amene anthu amawakumbukira.

Kuti mumvetse mphamvu ya kudula kumeneku, tibwerere ku Russia zaka zoposa 100 zapitazo. Mphunzitsi wa zamafilimu, Lev Kuleshov, anatenga shoti ya nkhope ya katswiri wa zisudzo Ivan Mozzhukhin, nkhope yosaonetsa chimwemwe kapena chisoni, ndipo anailumikiza poyamba ndi mbale ya supu, kenako ndi mwana ali m'bokosi la maliro, pomaliza ndi mkazi atagona pa sofa. Oonera anayamikira luso la munthuyo poonetsa njala, chisoni ndi chilakolako, chonsecho nkhope inali imodzimodzi katatu konse. Tanthauzo linkabadwa m'mutu mwa woonera pamene zithunzi ziwiri zakumana. Yesani zimenezi usiku uno ndi zimene mwajambula kale. Tengani nkhope ya mlimi wanu ali chete, muitsatize ndi belo lake lili lokha pansi ogula atadutsa. Kenako nkhope yomweyo muitsatize ndi nkhokwe yopanda chimanga, kenakonso ndi yunifolomu ya mwana wake itayanikidwa pa chingwe. Mudzaona kuti mwanena zinthu zitatu zosiyana, mlimiyo asanatsegule pakamwa. Pamenepo ndi pamene mudzayambe kuedita; zimene mwakhala mukuchita pa maukwati ndi kusanja zochitika motsatira nthawi, ntchito yabwino ndithu, koma ina.

Anthu a ku Russia omwewo anaitenga njira imeneyi n'kuifikitsa patali, ndipo imatchedwa montage. Sergei Eisenstein, mufilimu yake ya mu 1925 yotchedwa Battleship Potemkin, anaonetsa asilikali akuwombera khamu la anthu pa masitepe a mumzinda wa Odessa, ndipo podula pakati pa nsapato za asilikali, nkhope za amayi ndi kangolo ka khanda kakutsetsereka, anatalikitsa chinthu cha kanthawi kochepa kuti woonera amve mantha ake onse. Njirayi ingakuthandizeni pa msika wa Chinkhoma, pamene pali mizere ya mabelo, mapazi a ogula, dzanja likusolola masamba, tikiti ikulembedwa ndi maso a alimi akudikira. Apo dulani mofulumira, chifukwa ndi momwe tsogolo la mlimi limagamulidwira: m'masekondi ochepa, ndi anthu amene saima n'komwe.

Komabe gawo lalikulu la filimu yanu lidzafuna njira ina, imene mafilimu a ku Hollywood anaikhazikitsa kalekale, yodula mosaonekera kuti woonera asazindikire kuti kamera yasintha malo. Imeneyi muyenera kuidziwa bwino musanaganize zoiphwanya. Anthu awiri akamakambirana, ganizirani kuti pali chingwe chochokera kwa mmodzi kupita kwa mnzake, ndipo kamera ikhale mbali imodzi ya chingwecho. Ili ndi lamulo la madigiri 180. Mukalumpha chingwe, mwamuna ndi mkazi amene amayang'anana adzaoneka ngati onse akuyang'ana kumodzi, ndipo woonera adzasokonezeka osadziwa chamusokoneza. Chachiwiri, dulani mkati mwa kusuntha. Mlimi akamatula njinga kapena kukhala pampando, musadikire kuti akhale kaye. Chokani pa shoti yakutali kupita pa yapafupi thupi lili pakati pa kutsika, pakuti diso likamatsatira kusuntha siliona podulira. Inu a ku Kasungu simusowa pophunzirira zimenezi. Imani pabwalo la Gule Wamkulu mumvetsere woyimba mbalule. Iye samenya ng'oma motsatira wotchi, koma maso ake amakhala pa mapazi a gule, ndipo amasintha pamene phazi lasintha, osati pambuyo pake kapena lisanafike. Woedita wabwino amagwira ntchito ngati munthu ameneyo. Sekondi imodzi ya filimu imakhala ndi zithunzi zoima 24 kapena 25 zotchedwa mafulemu, ndipo nthawi zambiri kusiyana kwa podulira pabwino ndi poipa kumangokhala mafulemu atatu kapena anayi. Phunzirani kusuntha podulira ndi fulemu imodziimodzi mpaka thupi lanu livomere.

Palinso jump cut, imene Jean-Luc Godard anaitchukitsa mu 1960 ndi filimu ya Breathless, yomwe ndi kuchotsa kachidutswa pakati pa shoti imodzi kotero kuti chithunzi chimaoneka ngati chadumpha. Masiku ano yadzaza pa TikTok ndi YouTube mwakuti yatha kudabwitsa. Ndingaigwiritse ntchito pamalo amodzi okha mufilimu yanu, mwina mlimi ali kumbuyo kwa lole pobwerera maganizo ake atabalalika, koma kupitirira apo ayi.

Tsopano ku funso lanu lenileni, lakuti mudule mofulumira kapena mochedwa. Walter Murch, amene anaedita nawo Apocalypse Now ndipo anapata mphoto ya Oscar chifukwa cha The English Patient, analemba m'buku lake la In the Blink of an Eye zinthu 6 zimene amayang'ana asanadule, ndipo anazipatsa kulemera kosiyana. Zimene woonera akumva mumtima anazipatsa 51 peresenti, kupititsa nkhani patsogolo 23, kayendedwe kake 10, ndipo zitatu zotsalazo, zokhudza kumene diso likuyang'ana ndi kaimidwe ka anthu pamalo, zinagawana 16 yotsalayo. Onani kuti chinthu choyambacho chikuposa zina zonse zitaphatikizidwa. Ndiye chifukwa chake sindingakuuzeni kuti shoti izitalika masekondi angati. Shoti imatalika kwambiri pamene palibenso chatsopano chimene woonera akumva, ndipo imafupika kwambiri pamene mwamulanda chinthu asanamalize kuchimva. Chimene chimatopetsa m'mafilimu ena amene tinaonera kumavidiyo si kutalika pakokha ayi, koma kuti timaona galimoto ikufika pageti, mlonda akutsegula, galimoto ikulowa, munthu akutsika, akukiya, akuyenda mpaka pakhomo, ndipo pa nthawi yonseyi palibe chimene chasintha mumtima mwa aliyense. Yang'anani filimu yanu ndi diso limeneli. Ndikukhulupirira kuti mupeza mlimi wanu akuyenda mtunda wautali umene nkhani siikuufuna, ndipo mphindi 15 zanu zikhoza kutsika kufika pa 11 kapena 12 popanda chotayika.

Koma pali malo amodzi amene ndikukupemphani kuti musawafupikitse, ndipo ndi pamene mlimi akufika pakhomo. Taganizirani mmene zimakhalira kwathu kuno. Mayi ali pamtondo kapena akupeta, amuona mwamuna wake akutulukira pa njira, ndipo maso awo apita kaye m'manja mwake ndi pa kaliyala ya njinga. Mulibe thumba la shuga, mulibe nsalu, mulibe ngakhale kabuledi ka ana. Mayiyo safunsa. Atula lichero, alowa m'nyumba, atuluka ndi kapu ya madzi, agwada, apereka, n'kukhala pambali kudikira kuti bambo amwe. Pakapita kanthawi ndipo pamabwera moni, ndipo ngakhale pamoni pomwepo bambo ayankha kuti ayenda bwino. Woedita amene sanakulire kuno angaone ngati nthawi ikutayika ndipo angadule kuti afike msanga pa mawu, koma ife tikudziwa kuti nkhani yonse yanenedwa m'kachetechete ameneyo. Apa siyani shoti italike. Khalani pa nkhope ya mayi pamene bambo akumwa madzi, osati pa bambo, chifukwa nthawi zambiri womvera ndiye amaonetsa zambiri kuposa wolankhula. Anzanu amene amaseweretsa mafoni adzawaika pansi, malinga ngati mwawafikitsa pamenepa musanawatopetse ndi maulendo opanda kanthu. Kufulumira kwa pamsika kuja ndiko kudzapatse kudekha kwa pakhomo kulemera kwake.

Pa nkhani ya oti muphunzireko, ndikutumizani choyamba kwa Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ambiri amamutcha tate wa mafilimu a mu Africa, ndipo naye anakaphunzira ntchitoyi ku Moscow. Filimu yake yaifupi ya mu 1963, Borom Sarret, ndi ya pafupifupi mphindi 20, ndipo imanena za woyendetsa ngolo mumzinda wa Dakar amene analandidwa ngolo yake atalowa nayo kudera la anthu olemera, n'kubwerera kwa mkazi wake wopanda kanthu. Mukuona kuti ndi msuweni wa nkhani yanu. Ionereni kangapo, makamaka mathero ake, muone kuchepa kwa mashoti amene anagwiritsa ntchito. Mukatero muonere Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty ya mu 1973, ya ku Senegal komweko, imene imalumpha nthawi ndi kusakaniza zithunzi za ng'ombe zikuphedwa ndi moyo wa achinyamata awiri olakalaka kupita ku Paris. Anthu awiriwa ndi a dziko limodzi koma kadulidwe kawo n'kosiyana kutalitali, zimene zikutsimikiza kuti palibe sitayilo imodzi yotchedwa ya chiAfrica imene muyenera kuivala ngati yunifolomu. Yeelen ya Souleymane Cissé wa ku Mali, ya mu 1987, idzakuphunzitsani mmene shoti yaitali imapatsira malo ndi mwambo ulemu wake.

Kuno kwathu musanyoze zimene zili pafupi. Mafilimu a Shemu Joyah, monga The Last Fishing Boat ya mu 2012 ndi The Road to Sunrise ya mu 2017, anapangidwa ndi Amalawi m'malo amene mukuwadziwa, ndipo mukhoza kuona mmene anathetsera mavuto ofanana ndi anu. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, imene anatsogolera Chiwetel Ejiofor ponena za William Kamkwamba, inajambulidwa ku Wimbe m'boma lanu lomwelo. Kwa inu filimu imeneyi ndi sukulu yapadera, chifukwa mukudziwa dothi lake, kuwala kwa dzuwa lake ndi mayendedwe a anthu ake, choncho mukhoza kuweruza nokha pamene kadulidwe kagwirizana ndi moyo wa kumeneko ndi pamene inu mukanadikira pang'ono kapena kufulumira.

Kuonera kokha sikukwanira, pakuti filimu yabwino imakutengani n'kukuiwalitsani kuti mumaphunzira. Njira imene inandithandiza ine ndi iyi. Sankhani gawo la mphindi ziwiri, zimitsani mawu, ikani mbale patsogolo panu ndi njere za chimanga m'dzanja, ndipo nthawi iliyonse chithunzi chikasintha ponyani njere imodzi m'mbale. Pomaliza werengani njerezo. Bwerezani gawo lomwelo, tsopano mukuima pa podulira paliponse ndi kudzifunsa chimene chinachitika pa fulemu yomaliza: kodi munthu anatembenuza mutu, anamaliza ganizo, kapena anaphethira? Lembani m'kope. Mukachita zimenezi ndi magawo 10 a mafilimu osiyanasiyana, mudzayamba kumva podulira musanapaone. Ndi mmene munthu amatengera nzeru kwa akatswiri popanda kuwakopera: mumatenga chifukwa chimene anadulira, osati maonekedwe a kadulidwe kawo. Ndipo musaiwale aphunzitsi amene munali nawo musanaione kamera. Agogo akamakamba nthano, pamene afika poti kalulu watsala pang'ono kugwidwa amayamba asonkhezera moto, ana onse kukamwa kuli yasa. Kudziwa pochedwetsa ndi pothamangitsa nkhani kumeneko ndi luso lomwelo limene mukulifuna pa laputopu yanu.

Mawu ndi theka la ntchitoyi, ndipo ndi pamene mafilimu athu ambiri amagwera. Musadule chithunzi ndi mawu pamalo amodzi nthawi zonse. Lolani kuti phokoso la msika liyambe kumveka tikadali pa chigafa kumudzi, mayi akusoka fodya, kenako chithunzi chitsatire. Imeneyi imatchedwa J-cut, ndipo mnzake, pamene mawu a gawo lapita akupitirira chithunzi chitasintha kale, ndi L-cut. Tangoganizani mawu a msika akupitirirabe m'makutu mwathu pamene tikuona mlimi ali yekha pamsewu. Komanso pamalo aliponse pamene mwajambula, muzijambulanso mphindi imodzi ya phokoso la malowo anthu onse ali chete, kaya ndi nkhuku, mphepo kapena chigayo chakutali, kuti muzitsekera mipata. Popanda zimenezi mawu amadukaduka ndipo khutu limamva podulira paliponse. Ngati simunachite, bwererani mukajambule, pakuti mudziwo sunasamuke. Nyimbo yachisoni pa gawo la kufika pakhomo lija musaikepo. Kumveka kwa madzi akumezedwa n'kokwanira.

Mukamaliza kudula koyamba, isiyeni filimuyo sabata yathunthu osaitsegula, chifukwa maso amene aona chinthu kambirimbiri amasiya kuona. Kenako ionetseni kwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene sanakhalepo pojambula, ndipo pakhale mlimi wa fodya mmodzi ndi mayi mmodzi wachikulire. Inu khalani kumbuyo muziyang'ana iwo, osati sikirini, ndipo lembani mphindi imene wina wasuntha pampando kapena wayamba kulankhula ndi mnzake. Musawafunse ngati filimu ili bwino, chifukwa mwa ulemu wathu aliyense adzati ili bwino kwambiri. Apempheni kuti akufotokozereni nkhaniyo ndi mawu awo. Ine pa ntchito yanga yoyamba ndinaumirira shoti ina ya dzuwa likulowa chifukwa ndinaidikira masiku atatu, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa oonera amene anaitchula pofotokoza nkhani, ndipo pamenepo ndi pamene ankayamba kucheza. Ndinaichotsa mtima ukuwawa, ndipo gawolo linayenda. Woonera sadziwa kuti shoti inakuvutani bwanji kuipeza, ndipo inu amene munajambula nokha muyenera kusamala koposa pa chiyeso chimenechi. Ngati pali mnzanu wodziwa kuedita amene sanali nawo pojambula, mupatseni gawo limodzi alidule m'njira yake, mufananize ndi lanu.

FUNSO

Ndine mtsikana wa ku Kamwendo ku Mchinji ndipo ndimaedita pafoni ndi CapCut. Kodi ndidikire mpaka nditagula laputopu kuti ndiyambe filimu? Komanso kodi ndingaikemo nyimbo ya woyimba wotchuka ngati ndalemba dzina lake kumapeto?

Wowerenga wa ku Kamwendo, Mchinji

YANKHO

Achemwali, musadikire. Zonse zimene ndawafotokozera achimwene a ku Santhe, kuyambira kudula mkati mwa kusuntha mpaka kutsogoza mawu, zimatheka pafoni, ndipo filimu ya mphindi zitatu kapena zisanu mukhoza kuimaliza pomwepo. Chovuta pafoni ndi kusuntha podulira mwa fulemu imodziimodzi ndi chala, choncho muzikulitsa mzere wa mashoti mpaka pamapeto musanadule, ndipo muzimvetsera ndi mahedifoni osati sipika ya foni. Pewani ma template okonzeratu, chifukwa amakudulirani motsatira nyimbo m'malo motsatira nkhani. Zimene mwajambula muzizisunga pawiri, pafoni ndi pa memori khadi kapena fulashi imene siyenda nanu. Tsiku limene mudzapeze laputopu, pulogalamu yoeditira ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere umene ndi wokwanira ntchito yeniyeni, ngakhale imafuna kompyuta yamphamvu ndithu. Ikamachedwa, pangani ma proxy, omwe ndi makope opepuka a mashoti anu oti muziedita nawo, ndipo pomaliza pulogalamuyo imabwezeretsa enieniwo.

Pa nkhani ya nyimbo, kulemba dzina la woyimba kumapeto si chilolezo. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limateteza nyimbo, ndipo kuti muigwiritse ntchito mufilimu mufunika chilolezo cha eni ake, makamaka cholembedwa. Bungwe loona za umwini wa zaluso la COSOMA lingakuuzeni njira yoyenera kutsata. Popanda chilolezo, YouTube kapena Facebook ikhoza kuzimitsa mawu kapena kutsekereza filimu yanu, ndipo okonza zionetsero za mafilimu amafuna kuti mutsimikize kuti nyimbo zonse muli nazo ufulu. Kwa munthu woyamba kumene, njira yabwino ndi kupeza woyimba gitala, wa ng'oma kapena kwaya ya kwanu komweko, muwaonetse gawo limene mwadula kale kuti ayimbe akuliyang'ana, ndipo mulemberane pa pepala zimene mwagwirizana, aliyense asunge kope lake.